Kodi Adatseka Njira ya Kumudzi Ndani?

Mwa zinthu zonse zimene nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe idalanda anthu, chimene idandilanda ine nchochepa ndithu, kotero kuti kwa zaka zambiri ndidachita manyazi kuchitchula pamaso pa iwo amene adaika ana awo m'manda, kapena iwo amene sadaupeze ndi mtembo womwe woti aike. Koma popeza tsopano imvi zandikwanira m'mutu, ndipo funso limene lidabadwa mumtima mwanga ndili mwana wa zaka 13 silidaleke kugogoda, ndaganiza zoliyala pabwalo, kuti anzanga amene amasinkhasinkha za njira za Mulungu andithandize kulisenza. Chimene ndidataya ine ndi ulendo wa sukulu, wa masabata awiri okha, wopita ku Malawi.

Ndidabadwira m'komboni ya mgodi wa chrome ku Selukwe, tauni ya m'mapiri imene lero itchedwa Shurugwi. Atate adachoka ku Dedza ali mnyamata, monga adachitira anthu zikwizikwi a ku Nyasaland amene msonkho udawatulutsa m'midzi mwawo, ena pansi kudutsa m'dziko la Apwitikizi, ena pa magalimoto a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi. Ndipo pofika ku Halale, pakuti dziko lonseli makolo athu ankalitchula chotero, adamwazikana m'migodi, awa ku Shabani kokumba asibesitosi, awa ku Que Que kwa golide wa Globe and Phoenix, awa ku Redcliff kosungunula chitsulo. Ambiri adati akhala zaka ziwiri zokha, agule njinga ndi bulangete, nabwerere. Koma zaka ziwirizo zidasanduka makumi atatu, ndipo kwawo adayamba kuwatcha matchona. Ife ana awo tidakula ndi Chinyanja m'nyumba ndi m'tchalitchi, Chishona pamasewera, Chingerezi m'kalasi, ndipo tinkamva atate akuyankha akapitawo m'Chilapalapa. Eni nthaka ankatitcha Mabhurandaya, ndiye kuti anthu a ku Blantyre, chonsecho Blantyre sitidamuonepo. Liwu lakuti kumudzi tinkalimva m'mawa ndi madzulo, pa nsima, pa maliro, pa gule wamkulu wa Lamulungu masana, kufikira lidakhala ngati dzina la munthu wa m'banja mwathu amene aliyense amudziwa kupatula ife ana.

Aphunzitsi athu, amenenso adali mwana wa matchona, adaona kuti ana amene akuwaphunzitsa akukula ngati mtengo wa m'chitini, umene mizu yake ingozungulira m'menemo osafika pa nthaka. Choncho nkhondo ya ku Mozambique itatha, dzikolo litalandira ufulu pa 25 June 1975, iwo pamodzi ndi akuluakulu a mpingo wathu adagwirizana kuti pa tchuthi cha April 1976 atenge ana a giredi 7 kukaona kwawo. Njira yonse adaijambula pa bolodi ndi choko, ndipo tidailoweza monga tinkalowezera katekisimu: basi kufika ku Gwelo, sitima kudzera ku Salisbury ndi ku Umtali, kulowa Mozambique pa Machipanda, kukhotera kumpoto pa Dondo, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, umene udatsegulidwa mu 1935 ndipo utalika kuposa makilomita atatu, kenaka Nsanje ndi Limbe. Tikadaona Zomba, ndi Lilongwe amene adali atangosanduka likulu mu 1975, ndi Nkhoma kumene kudachokera abusa athu, ndi nyanja ku Salima. Ndipo chimene chidaposa zonse, mwana aliyense amene abale ake adali pafupi ndi msewu akadagona kwawo masiku atatu. Amayi athu adakazinga zitumbuwa ndi kuluka majuzi, atate adapatula pa malipiro a tikiti iliyonse, ife tidakwera m'mapiri a Boterekwa kutola masuku, amene kuno amati mazhanje, ndi kuwagulitsa m'mbali mwa msewu. Amayi adagula nsalu imodzi ya agogo, mayi wawo wowabereka, amene adali asanawaone kwa zaka 15, naikulunga m'pepala pansi pa sutikesi.

Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pa 3 March 1976 Pulezidenti Samora Machel wa ku Mozambique adalengeza kuti watseka malire a dziko lake ndi Rhodesia. Sitima zidaima, msewu wa ku Tete udatsekeka pa Nyamapanda, ndege za Rhodesia zopita ku Blantyre zidaletsedwa kudutsa mumlengalenga mwa Mozambique. Ndipo popeza khomo la ku Zambia lidali lotseka kale kuyambira January 1973, pamene Ian Smith adalitseka ndipo Kenneth Kaunda adakana kulitsegulanso, mwana wa munthu wa mumgodi adalibenso podzera. Patapita masiku owerengeka aphunzitsi adalowa m'kalasi ndi maenivelopu, pa iliyonse atalembapo dzina, nabweza ndalama za aliyense osasowapo ndi senti imodzi; atatero adafafaniza njira ija pa bolodi ndi dzanja lawo lomwe, pang'onopang'ono, kuyambira ku Salima kutsika, ife tili chete kupenya.

Madzulo ake ndidalira, ndipo anthu awiri amene ndinkawalemekeza adandipatsa mawu awiri. Mkulu wa mpingo, munthu wofatsa amene mapapo ake adali atatha ndi fumbi la pansi, adandiika dzanja pamutu nati, “Tonthola, mwanawe, Mulungu sadalole, akudziwa chimene wakupulumutsako.” Atate, atabwera ku shifiti, adandiyang'ana nati, “Iwe, anzako akufa m'tchire, ukulirira kukwera sitima?” Onse awiri adanena mwachikondi, ndipo mawu a akulu akoma akagonera; koma awa agonera mwa ine zaka zoposa makumi anayi, ndipo ndapeza kuti m'mawu onse awiri muli choonadi chosakanizika ndi china chimene sindingathe kuchimeza.

Ndiyambe ndi a mkulu wa mpingo. Kunena kuti palibe chichitika pansi pano Mulungu osachidziwa, ndi kuti munthu asadzitame ndi za mawa popeza chakudza sichiimba ng'oma, nchiphunzitso chimene ndichivomereza ndi mtima wonse, ndipo kalata ya Yakobo imadzudzula ndithu amalonda amene apangana za ulendo ngati mpweya wawo uli m'manja mwawo. Koma kudziwa ndi kufuna nzinthu ziwiri, ndipo Malembo omwewo asiyanitsa bwino. Taonani Paulo, munthu amene maulendo ake adalephereka kawirikawiri kuposa a wina aliyense wa m'Chipangano Chatsopano. M'chaputala 16 cha Machitidwe, iye ndi anzake adafuna kulalikira ku Asiya, kenaka kulowa ku Bituniya, ndipo wolemba anena poyera kuti Mzimu ndiye adawaletsa. Adatsikira ku Trowa, ndipo khomo la Makedoniya lidatseguka. Komatu Paulo yemweyo, polembera Atesalonika za m'mene adayesera kawiri konse kubwerera kwa iwo atathamangitsidwa ndi chipolowe, sanena kuti Mulungu sadalole. Mlandu auika pa Satana. Munthu mmodzi, njira ziwiri zotsekeka, ndipo iye sadazipatse dzina limodzi. Adadziwa kuti pali khomo limene Mulungu atseka kuti akulondolere kwina, ndi khomo limene kuipa kutseka pakati pa anthu okondana; ndipo kutcha lachiwirili dzina la loyambalo, ngakhale kumveke kodzichepetsa, ndiko kumnamizira Mulungu ndi kuwamasula anthu amene ayenera kuyankha.

Pakuti amene adatseka njira yathu adali ndi maina, ndipo ena mwa iwo adali a kwathu konkuno. Ian Smith adabadwira mu Selukwe momwemo mu 1919, ndipo famu yake ya Gwenoro idali m'boma lathu. Josiah Tongogara, mkulu wa asilikali omenyera ufulu a ZANLA, adalinso mwana wa boma lomweli. Smith ndiye adalengeza pa 11 November 1965 kuti Rhodesia yadzilamulira yokha popanda chilolezo cha Britain, kuti ulamuliro ukhalebe m'manja mwa azungu, amene adali pafupifupi mmodzi yekha mwa anthu makumi awiri alionse koma lamulo la nthaka la 1969 lidawapatsa theka la dziko. Apo ndi pamene padamera nkhondo. Ndipo chimene chimandiwawa kufikira lero ndi ichi: mwala umene atate ankakumba sudasowe njira. Amerika idakhazikitsa lamulo mu 1971 lolola kugula chrome wa Rhodesia ngakhale United Nations idaletsa, nilisunga kufikira 1977. Njanji yatsopano ya ku Rutenga ndi Beitbridge idatha mu 1974, ndipo njira ya ku doko la Beira itatsekeka katundu adangokhotera kum'mwera. Anthu anzeru adakhala pansi kupezera mwala njira, ndipo palibe adakhalira pansi ana a okumba mwalawo. Kodi izi ndizitche chifuniro cha Mulungu? Yosefe, pokhululukira abale ake, adaona kuti Mulungu adasandutsa choipa chawo chikhale chipulumutso cha ambiri, koma sadaleke kuchitcha choipa, ndipo sadanene kuti dzenje adamponyamo lija lidakumbidwa ndi angelo.

Pano pali mfundo yolimba imene sindifuna kuilambalala. Dzanja limene lidatseka Machipanda silidali la Smith, lidali la Machel. Ndipo ine ndiweruza kuti Machel adachita bwino, pakuti adatsata chigamulo cha maiko onse, adataya ndalama zambiri za njanji ndi madoko zimene dziko lake losauka lidazifuna koposa, ndipo adafupikitsa masiku a ulamuliro umene unkatcha atate, munthu wa imvi, boyi. Chotero chinthu cholungama chidandivulaza ine wosalakwa, ndipo kulungama kwake sikudachepetse bala, ndiponso bala langa silichotsa kulungama kwake. Mwana safuna kumva zotere, ndipo akulu ambiri sazifunanso, pakuti timakonda kuti amene watipweteka akhale woipa, kapena ngati ali wabwino, ululu wathu ukhale wabodza. Koma m'dziko limene chosalungama chazika mizu, ngakhale khasu lochizula limadula ndi mbewu zina zosalakwa. Ndipo mlandu wa mbewuzo ubwerera kwa amene adadzala chosalungamacho.

Nanga zija zakuti Mulungu adadziwa chimene adatipulumutsako? Nzoona kuti ulendo ukadakhala wa February tikadatsekeredwa kutsidya. Koma ndikayesa kutonthozeka nazo, nkhope za ana ena zimandiimirira kutsogolo. Pakuti ana a sukulu a zaka zimenezo adapita ndithu kunja kwa dziko, koma usiku, wapansi, opanda sutikesi. Mu January 1977 ana pafupifupi 400 a ku mishoni ya Manama adawoloka Shashe kulowa Botswana, ena mofuna, ena mokakamizidwa. Sukulu za mishoni za ku Belingwe, pafupi ndi Shabani, zidataya ana awo chimodzimodzi. Pa 9 August 1976 asilikali a Rhodesia adapha anthu mazanamazana pa msasa wa Nyadzonia ku Mozambique. Pa 23 November 1977 adagwera msasa wa Chimoio m'dziko lomwelo, ndipo mwa akufawo mudali ana a sukulu. Ndikanena kuti Mulungu adatseka khomo kuti andisunge ine, ndiye kuti ndikunenanso kuti adalisiya lotseguka kuti iwo akafe. Ndipo ndidzakhala ndamsandutsa Mlengi wa onse kukhala kapitawo wokondera. Ambuye Yesu atauzidwa za Agalileya amene Pilato adawapha popereka nsembe, nakumbutsanso za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu idawagwera, adakana kotheratu kuti akufawo adali ochimwa kuposa otsala. Wopulumuka ayenera kuyamika, inde, koma ayamike ndi mutu wowerama, osapanga chiphunzitso pa manda a anzake.

Mawu a atate adandigwira nthawi yaitali kuposa a mkulu uja, chifukwa adali oona pamaso pa aliyense. Ulendo wa sitima sulingana ndi moyo wa munthu. Dzedzeredzedzere salingana nkugweratu. Ndipo mwana amene sadziwa kusiyanitsa zimenezi ayenera kuphunzitsidwa. Koma kusalingana sikutanthauza kusakhalapo. Mneneri Natani, pofuna kuonetsa Davide kukula kwa tchimo lake, sadamuuze za mfumu yolandidwa ufumu. Adamuuza za mmphawi amene adali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi, kodya m'mbale mwake ndi kugona pachifuwa pake, ndipo Davide adapsa mtima, pakuti kukula kwa chotayika kuyesedwa ndi dzanja limene lidachigwira. Ife ana a m'komboni tidalibe minda, tidalibe manda a makolo, tidalibe mfumu yathu. Tidali ndi njira yojambulidwa ndi choko, ndipo imeneyo ndiyo idali kamwana kathu ka nkhosa.

Ndiponso ndaona m'buku la Yona chinthu chimene ndikadakonda atate akadachiona. Yona adalirira msatsi umene udamera usiku umodzi nufota usiku wina, pamene mzinda wa Nineve, wa anthu oposa 120,000, sadaumvere chisoni. Mulungu sadamuuze kuti msatsi si kanthu. Adagwira chisoni chaching'onocho ngati makwerero, namkweza nacho kuti aone chisoni chachikulu cha mtima wa Mulungu mwini. Ndi mmenenso zidakhalira ndi ine. Mbiri ya Chimoio itafika m'komboni mwa manong'onong'o, ndidaimva ndi bala lomwe lija. Ndidadziwa pang'ono, pang'ono pokha, chimene chili kuyembekeza kuona nkhope ya munthu ndi kuuzidwa kuti sudzaiona. Mwana amene aletsedwa kulira chaching'ono saphunzira kulira chachikulu. Amangophunzira kuuma, ndipo anthu ouma mtima ndiwo amayambitsa nkhondo yotsatira. Atate sindiwaimba mlandu. Patapita zaka amayi adandiuza kuti usiku womwewo iwo adakhala panja kufikira tambala woyamba, enivelopu ija ili m'manja, pakuti adali atakonza kalata yoti ndikaiwerenge pamaso pa abale awo.

Ndipo pomaliza pake chotayikacho sichidali chaching'ono monga tonse tidayesera. Aphunzitsi adati tidikire chaka chamawa, koma chaka chamawacho chidatenga zaka 16. Mgwirizano wa Lancaster House udasainidwa pa 21 December 1979, Tongogara adafa pangozi ya galimoto patangopita masiku asanu, ufulu udafika pa 18 April 1980, malire adatseguka. Koma nkhondo ya Renamo, imene boma la Rhodesia lomwelo lidathandiza kubereka, idakula ku Mozambique, njanji ya ku Sena idafa, mlatho wa Dona Ana udaphulitsidwa, ndipo magalimoto ankadutsa Tete mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali, ena osafika. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. M'zaka zimenezo anzanga a giredi 7 adakwatira, adalowa mumgodi m'malo mwa atate awo, ndipo ana awo adakula osatha kuyankha moni wa Chichewa. Agogo adamwalira mu 1978. Kalata idatipeza maliro ataiwalika, ndipo amayi adatulutsa nsalu ija pansi pa sutikesi, naifunda okha masiku onse a kulira. Nyanja ikadalipo, Zomba akadalipo, munthu angathe kukaziona ali ndi zaka 60. Koma mwana wa zaka 13 wokhala pamphasa pafupi ndi agogo ake, kumva mfunda wake ndi maina a makolo kuchokera pakamwa pawo, ameneyo apezeka kamodzi kokha, ndipo madzi akatayika saoleka.

Ndidafika ku Dedza mu 1993, pabasi, kudzera pa Nyamapanda, pa mlatho wa Tete, pa Zobue ndi Mwanza. M'mbali mwa msewu wa ku Ntcheu, umene uli malire enieni a maiko awiriwa, mudali misasa ya othawa nkhondo, ena mwa anthu oposa miliyoni imodzi amene Malawi adawasunga, akuyamba kumanga akatundu kubwerera kwawo. Atsibweni adandilandira ndi manja awiri, nanditengera kumanda m'mawa mwake, nagwada nati, “Amayi, mdzukulu wanu uja munkamudikira ndi uyu.” Adandiuza kuti mu April 1976 agogo adasunga nkhuku ndi mtanga wa mtedza, ndipo ankatuma ana kumsewu basi ikamveka, pakuti kalata yonena kuti sitibweranso idachedwa panjira. Pamenepo ndidazindikira kuti ulendowo tidautaya anthu awiri, ndipo winayo adalibe womuuza chifukwa chake. Kumene kudali Mulungu m'masiku amenewo sindikukayika. Adali pamsewu paja ndi nkhalamba yodikira, monga adali panja ndi atate, ndi m'tchire ndi ana a Manama, wosatseka khomo lililonse la amenewa, koma wosunga misozi ya onse, yaikulu ndi yaing'ono, osaipikisanitsa.

Lero ng'anjo za Redcliff zidazima kuyambira 2008, mgodi wa asibesitosi wa Shabani, imene lero itchedwa Zvishavane, sulinso monga udaliri, ndipo ana a matchona, amene lamulo la 2001 lidawasandutsa alendo m'dziko lobadwira kufikira malamulo aakulu a 2013 adawabwezera unzika ndi kuika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 za Zimbabwe, atsekeredwa tsopano ndi umphawi ndi kusowa mapasipoti. Zimenezi ndizidziwa, ndipo sindizipeputsa. Komabe ndikupemphani, inu abale anga a ku Shurugwi, ku Zvishavane, ku Kwekwe ndi ku Mvuma, ndi inu abusa ndi aphunzitsi a ana athu: chipata cha Nyamapanda nchotseguka lero, ndipo palibe adatilonjeza kuti chidzakhala chotseguka mawa. Sonkhani monga musonkhera maliro, lembani makalata kumudzi, tengani ana akadali ana, nkhalamba zikadali ndi moyo. Ndipo ngati tsiku lina mudzayenera kubweza maenivelopu, muwauze anawo zoona za amene watseka njira, ndipo muwalole alire.